Mawu a Phunziro la Kompyuta ku Sekondale: Kuunika Njira Imene Anatsata ku New Zealand

Wophunzira wa Fomu 3 amene wasankha phunziro la kompyuta amakumana ndi mawu achilendo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa mayina a zinthu zimene angathe kuziona ndi kuzigwira, monga kiyibodi, pulinta ndi sikirini. Mawu amenewa savuta, pakuti mphunzitsi akaloza chinthucho nkhani yatha. Mtundu wachiwiri ndi wa mayina a maganizo, monga 'algorithm', 'variable' ndi 'binary'. Amenewa alibe thupi loti munthu n'kuloza, ndipo popeza mayeso a MSCE amafunsidwa ndi kuyankhidwa m'Chingerezi, njira yachidule imene wophunzira amatenga ndi kuloweza tanthauzo monga mmene analikopera pa bolodi. Amatha kulakatula tanthauzolo osaphonya lembo ngakhale limodzi, koma akapemphedwa kuti afotokozere mng'ono wake m'Chichewa, pakamwa pamauma.

Dziko la New Zealand linakumana ndi vuto lofanana ndi limeneli, ndipo zimene linachita n'zoyenera kuunikidwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, linakonzanso phunziroli kuyambira pa maziko. Chachiwiri, linalilemba m'zilankhulo ziwiri, Chingerezi ndi Chimāori. Chimāori sichili pachibale ndi Chichewa, koma chimafanana nacho pa mfundo imodzi yofunika kwa wokonza mawu: phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Kotero mawu a Chingerezi sangalowe m'chilankhulocho asanaphwanyidwe ndi kusokedwanso, monga momwe 'school' anasandukira sukulu m'Chichewa.

Chaka cha 2011 chisanafike, phunziro la kompyuta m'masukulu ambiri a sekondale a dzikolo linali kuphunzira kutayipa makalata, kukonza matebulo a manambala ndi kugwiritsa ntchito mapulogalamu opangidwa ndi ena. Mu 2008 bungwe la New Zealand Computer Society linatulutsa lipoti lolembedwa ndi Gordon Grimsey ndi Margot Phillipps, limene linapeza kuti miyezo imene inalipo pa mayeso a NCEA sinali yoyenera kuyesera sayansi ya kompyuta. Zotsatira zake zinali miyezo yatsopano ya phunziro lotchedwa Digital Technologies, imene inalowa m'zaka zitatu zomaliza za sekondale motsatizana: gawo loyamba mu 2011, lachiwiri mu 2012 ndi lachitatu mu 2013. Wophunzira wa gawo loyamba ankayenera kumvetsa ndondomeko zothetsera vuto, zilankhulo zolembera mapulogalamu ndi mmene makina amakumanirana ndi munthu wowagwiritsa ntchito. Wa gawo lachiwiri ankaphunzira mmene malembo, zithunzi ndi manambala zimasungidwira, mmene uthenga umapanikizidwira kuti uchepe, mmene umabisidwira ndi mmene cholakwa chimadziwikira uthengawo ukawonongeka pa njira. Wa gawo lachitatu ankasankha pa mitu yozama, monga malamulo a kutumizirana uthenga pa netiweki ndi funso lakuti ndi mavuto ati amene kompyuta singathe kuwamaliza m'nthawi yoyembekezeka.

Ubwino waukulu wa miyezo imeneyi unali wakuti inalekanitsa kuyendetsa galimoto ndi kudziwa mmene injini imagwirira ntchito. Chitsanzo chimodzi chikwanira. Munthu amene akufuna dzina m'kaundula wa mayina 1,000 osanjidwa motsata alifabeti angayambe pa dzina loyamba n'kumatsika, ndipo tsoka likamugwera adzawerenga mayina onse 1,000. Wina angatsegule pakati, n'kuona ngati dzinalo lili kumtunda kapena kumunsi, n'kutaya theka limene mulibe, n'kutsegulanso pakati pa theka lotsalalo. Wachiwiriyu sangapitirire maulendo 10, chifukwa 2 akachulukitsidwa ndi iye mwini ka 10 amapereka 1,024. Mayina akakhala miliyoni imodzi, woyamba uja ntchito yamukulira kambirimbiri, pamene wachiwiriyu angofuna maulendo 20. Wophunzira amene wamvetsa kusiyana kumeneku waphunzira chinthu chimene sichidzatha ntchito makina a lero akadzakalamba.

N'zochititsa chidwi kuti phunziro lotere silifuna magetsi. Tim Bell wa ku University of Canterbury, pamodzi ndi Ian Witten ndi Mike Fellows, anasonkhanitsa masewera ophunzitsira maganizo amenewa popanda makina, ndipo anawatulutsa mu 1998 pansi pa dzina lakuti Computer Science Unplugged. M'sewero lina ana asanu amanyamula makadi a madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1, ndipo potembenuza makadi ena amapanga nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 31. M'sewero lina mphunzitsi amayala makadi m'mizere, n'kuwonjezera mzere umodzi m'mbali ndi wina m'munsi kuti makadi oyang'ana kumwamba akhale awiriawiri mu mzere uliwonse. Mwana akatembenuza khadi limodzi mobisa, mphunzitsi amalipeza msanga poona mzere umene wasokonezeka. Kwa wokonza mawu mfundo yake ndi iyi: makina akachotsedwa m'kalasi, chimene chimatsala ndi kulankhula. Phunziro lonse limasenzedwa ndi chilankhulo, ndipo ngati chilankhulocho wophunzira sachimva bwino, palibe sikirini yoti abisalepo.

Mu Disembala 2017 boma la New Zealand linatulutsa ndondomeko ya maphunziro yofikitsa maganizo amenewa kwa ana kuyambira chaka choyamba cha sukulu, ndipo masukulu onse anayenera kukhala atayamba kuitsata pofika 2020. Ndondomekoyo inatuluka pawiri: Digital Technologies ya masukulu a Chingerezi ndi Hangarau Matihiko ya masukulu ophunzitsa m'Chimāori. Yachiwiriyi sinagwe kuchokera kumwamba. Amāori anayamba sukulu za mkaka za chilankhulo chawo mu 1982, ndipo sukulu yoyamba ya mtundu wa kura kaupapa inatsegulidwa mu 1985. Lamulo la 1987 linavomereza Chimāori kukhala chilankhulo cha boma ndi kukhazikitsa bungwe loyang'anira chilankhulocho, Te Taura Whiri i te Reo Māori, limene mu 1996 linatulutsa buku la mawu atsopano lotchedwa Te Matatiki. Pofika 2005 Windows XP inali itamasuliridwa m'Chimāori, ndipo mu 2008 tsamba lofufuzira la Google linatsatira. Choncho olemba Hangarau Matihiko anapeza nkhokwe ili ndi kanthu kale.

Mawu ena a m'nkhokwemo ndi osiririka. Pofuna dzina la fayilo anatenga kōnae, kadengu kolukidwa kosungiramo zinthu. Pofuna dzina la 'algorithm' anatenga hātepe, mawu akale onena za kuchita zinthu motsatana, china pambuyo pa chinzake. Intaneti anaitcha ipurangi, kuphatikiza ipu, chotengera, ndi rangi, thambo. Mawu awiri oyambawo ndiwo abwino koposa, chifukwa sanapekedwe: analipo kale, ndipo anangopatsidwa ntchito ina yofanana ndi yakale. Mwana amene anaonapo kadengu amadziwa kuti kali ndi mwini wake, kamatha kudzaza, kamatha kusamutsidwa ndi zonse zili m'katimo, ndiponso kamatha kukhala kopanda kanthu koma n'kukhalabe kadengu. Zonsezi n'zoona pa fayilo, ndipo mphunzitsi sanataye ndi mphindi imodzi yomwe.

Koma dzina lotchuka kuposa onse, rorohiko, ndilo lokayikitsa. Linapangidwa kuchokera ku roro, ubongo, ndi hiko, mphezi kapena magetsi, kotero kompyuta ndi ubongo wa magetsi. Dzinali ndi lokoma m'kamwa, ndipo lazika mizu; palibe amene angalizule tsopano. Komabe limaphunzitsa chinthu chimene mphunzitsi wa sayansi ya kompyuta amayenera kuchichotsa m'mutu mwa wophunzira pa tsiku loyamba. Makinawa saganiza monga munthu. Amatsata malangizo amene apatsidwa, ngakhale malangizowo akhale opusa, ndipo amawatsata mwachangu ndi mokhulupirika mpaka kugwera nawo m'dzenje. Wophunzira amene akukhulupirira kuti patsogolo pake pali ubongo amayembekezera kuti makinawo amva chimene iye amatanthauza, ndipo pulogalamu ikakanika amadzudzula makina m'malo mofufuza mzere umene analemba molakwa. Afalansa, pamene Jacques Perret anapereka dzina lakuti ordinateur mu 1955, anasankha ganizo la kusanja zinthu m'dongosolo, ndipo pamenepo anayandikira choonadi. Aliyense amene angafune kutcha kompyuta 'makina oganiza' kapena 'bongo wa magetsi' m'Chichewa ayambe walingalira zimenezi.

Dzina lachiwiri, matihiko, lili ndi chilema china. Mati ndi chala, ndipo okonza mawu anatsata mbiri ya mawu a Chingerezi, amene anachokera ku dzina la chala m'Chilatini. Anamasulira mbiri ya mawu, koma ganizo lenileni analisiya. Chinthu chimakhala 'digital' pamene chasungidwa ngati manambala owerengeka, osati ngati muyezo woyenda mosalekeza. Wotchi ya mivi imayendetsa muvi pang'onopang'ono kudutsa malo onse a pakati. Wotchi ya manambala imadumpha kuchoka pa 10:14 kufika pa 10:15 popanda kuima pakati. Chala cha magetsi sichinena kanthu pa zimenezi. Chichewa nachonso sichinachite bwino pamenepa. Mawu akuti 'zamakono' kapena 'luso lamakono' akhala chikwama choponyamo chilichonse, kuyambira feteleza mpaka foni ya m'manja, ndipo satanthauza kanthu m'kalasi. Kubwereka kuti dijito kuli bwino kusiyana ndi zimenezo, koma pofotokozera wophunzira mawu akuti 'zosungidwa m'manambala' ndiwo amene amagwira mfundo.

Palinso mtengo umene Amāori analipira chifukwa chopewa kubwereka ku Chingerezi. Makolo awo ankabwereka momasuka: buku ndi pukapuka, nkhosa ndi hipi. Okonza mawu a m'badwo wotsatira, poopa kuti chilankhulo chawo chimezedwa, anakonda kupeka mawu kuchokera ku mizu ya Chimāori, ndipo dandaulo lodziwika bwino linali lakuti achikulire amene anayamwa chilankhulocho sankamva zimene adzukulu awo ankabwera nazo kuchokera ku sukulu. Mantha awo anali omveka, pakuti Chimāori chinatsala pang'ono kufa. Chichewa chili pa malo ena; chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'Malaŵi, m'Zambia ndi m'Mozambique, ndipo sichinadwalepo chifukwa cha galimoto, nsapato kapena lamya. Ngakhale ku New Zealand komweko mawu obwereka sanatheretu, pakuti imelo imatchedwa īmēra. Ndipo mawu okha sanathetse mavuto a phunziroli: mu 2019 ofesi yoyendera masukulu, Education Review Office, inapeza kuti masukulu ochepa kwambiri ndiwo anali okonzeka kuphunzitsa ndondomeko yatsopanoyo, makamaka chifukwa aphunzitsi sanali kuimvetsa mokwanira. Mndandanda wa mawu ungathe kulembedwa m'miyezi yowerengeka, koma mphunzitsi wodziwa kuwagwiritsa ntchito amatenga zaka.

Chimene chinapatsa moyo mawu a Chimāori ndi chakuti anali ndi kwawo. Panali makalasi amene phunziro lonse linkachitika m'chilankhulocho, ndipo pa mayeso a NCEA wophunzira analoledwa kuyankha m'Chimāori. Mawu amene munthu amakhoza nawo mayeso saiwalika. Umboni wake uli pafupi. Mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo, mperekezi ndi mlumikizi sanali mawu a pa bwalo kapena a pa mtondo m'matanthauzo amene ali nawo lero. Anapekedwa kapena kupatsidwa ntchito yatsopano kuti galamala iphunzitsidwe m'Chichewa. Lero aliyense amene anapita ku sukulu m'Malaŵi amawadziwa, chifukwa phunziro la Chichewa limaphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chichewa. Mawu a kompyuta alibe mwayi umenewo. Pamene phunzirolo likuyesedwa m'Chingerezi, mawu opekedwa pofuna kulowa m'malo mwa 'keyboard' adzafera m'kabati. Ntchito imene mawu a Chichewa angagwire pakadali pano ndi ya mphindi imene mphunzitsi amaona nkhope zosokonezeka n'kusiya Chingerezi kuti afotokoze. Mphindi imeneyo imachitika m'makalasi ambiri, ndipo ndi imene iyenera kukonzekeredwa.

Pa mayina a zinthu zogwirika, tsono, kubwereka n'kokwanira, ndipo chotsala ndi kalembedwe. Kompyuta ndi intaneti akhazikika. Ena amadandaula kuti mp ndi nt opanda h pakati pa mawu si Chichewa, popeza mawu enieni ndi monga mphasa ndi munthu, koma khomo limenelo linatsegulidwa kale ndi sitampa, kampani ndi simenti. Gulu la mayina nalonso lasankhidwa ndi olankhula okha: kompyuta yanga, makompyuta anga, monga galimoto yanga, magalimoto anga. Pamene pali chisokonezo ndi pa malembo awiri a liwu otsatizana, pakuti ena amalemba failo ndi wailesi pamene ena amalemba fayilo ndi wayilesi. Amene amalemba mawu, osati mau, ayenera kulembanso fayilo. Chisokonezo china ndi cha l ndi r. Lamulo lodziwika n'lakuti r amatsatira i kapena e, monga mu kulira ndi kulera, pamene l amakhala m'malo ena onse. Polemba pulogalamu ndi pulinta lamuloli latsatidwa, ngakhale Chingerezi chili ndi r. Koma fayilo, imelo ndi filimu alinyozera, ndipo palibe amene amalemba fayiro. Malamulo a kalembedwe a 1973, 1980 ndi 1990 analembedwa mawu amenewa asanachuluke, ndipo njira yosavuta ndi kuvomereza poyera kuti mawu obwereka amene ali ndi l kwawo amasunga l. Za kachipangizo kolozera pa sikirini, Amāori anangomasulira kuti kiore, khoswe. Womasulira m'Chichewa ayenera kusankha pakati pa mbewa, imene ndi ndiwo, ndi khoswe, amene ndi mdani wa m'nyumba. Kalasi idzaseka pa onse awiri, ndipo mausi adzapambana.

Pa mayina a maganizo ndi pamene Chichewa chili ndi chuma chimene sichinagwiritsidwe ntchito. 'Algorithm' ndi dzina la munthu, al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene anagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo ngakhale kwa Mngerezi mawuwo safotokoza kanthu. Kuwalemba kuti aligolizimu ndi kusamutsa mdima kuchoka m'chipinda china kupita m'china. Ndondomeko ndi mawu abwino, ofanana ndi hātepe, malinga mphunzitsi awonjezere kuti ndondomeko ya kompyuta iyenera kukhala yosasiya mpata wa kuganizira, ndiponso yokhala ndi mathero. Wosewera bawo amaidziwa kale. Amatola nkhomo zonse m'dzenje limodzi n'kumaponya imodziimodzi m'maenje otsatira. Yomaliza ikagwera m'dzenje lokhala ndi nkhomo zina, ulendo umapitirira motsata malamulo a masewerawo. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona. M'chiganizo chimodzi chimenechi muli mizati itatu ya pulogalamu iliyonse: kutsatana, kusankha ndi kubwereza. Mulinso ngozi yake. Mu 2006 ofufuza anasonyeza kuti pa bawo wa ku Zanzibar pali mayalidwe ena a nkhomo amene ulendo wake sutha, umangozungulira mpaka kalekale. Wophunzira amene pulogalamu yake yakana kuima wakumana ndi chinthu chomwecho.

Mawu ang'onoang'ono ndiwo ofunika kusamala nawo kwambiri. Mu Python, chimodzi mwa zilankhulo zimene masukulu ambiri a ku New Zealand anasankha, mzere wakuti x = x + 1 ndi wabwinobwino. Wophunzira wa masamu akauwerenga kuti 'x ndi x kuphatikiza 1' amaona bodza, ndipo salakwa, chifukwa palibe nambala yofanana ndi iyo yomwe itawonjezeredwa. Chizindikirocho pamenepa chikulamula, sichikunena za kufanana. Chingerezi chimavutika kusiyanitsa ziwirizi, koma mneni wa Chichewa amazisiyanitsa ndi lembo limodzi la kumapeto:

x = 5 awerengedwe kuti: x akhale 5.
x == 5 awerengedwe kuti: kodi x ndi 5?
x = x + 1 awerengedwe kuti: x akhale chimene anali, kuwonjezerapo 1.

Momwemonso mphatikiri -ka- amanyamula ganizo lonse la kusankha m'phatikizo limodzi: madzi akawira, thira ufa. Mpaka amanyamula kubwereza kokhala ndi malire: vundula mpaka ilimbe. Koma kapena ndi msampha. Mlendo akafunsidwa ngati adye nsima kapena mpunga, amayembekezeka kusankha chimodzi. Mlonda akauzidwa kuti alowetse amene ali ndi chiphaso kapena kalata ya mfumu, sangabweze munthu amene wabwera ndi zonse ziwiri. Masamu a zoona ndi zonama, amene George Boole anawayala mu 1854 ndipo ndiwo maziko a mawaya a m'kati mwa kompyuta, amafuna kuti ziwirizi zisasokonezedwe. 'OR' wa m'mapulogalamu ndi wa mlonda uja, ndipo m'Chichewa ayenera kunenedwa mokwanira kuti 'ichi kapena icho kapena zonse ziwiri'. Wa mlendo uja ndi 'chimodzi chokha mwa ziwirizi'. Nayenso ndi ali ndi ntchito zingapo, pakuti amalumikiza, amaperekeza ndiponso amagwira ntchito ya mneni. M'kamwa kamvekedwe kamasiyanitsa, koma pa pepala amaoneka chimodzimodzi. Pa 'AND' n'kwabwino kunena kuti 'zonse ziwiri'.

Pa kawerengedwe ka 0 ndi 1, wophunzira wolankhula Chichewa ali patsogolo pa mnzake wa ku Christchurch, ngakhale sauzidwa. Chovuta kwa ana ambiri ndi kuvomereza kuti kuwerenga m'magulu a khumi ndi chizolowezi chabe, ndipo kuti magulu ena ndi otheka. Chichewa chimawerenga kufika pa zisanu n'kuyambiranso: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, kenaka khumi. Munthu amene amanena 8 kuti zisanu ndi zitatu amadziwa kale kuphwanya nambala m'mitolo. Kumuuza kuti makina amamanga mitolo ya 1, 2, 4, 8 ndi 16, ndipo kuti 13 ndi 8 ndi 4 ndi 1, kapena kuti 01101, ndi kumusonyeza njira ina ya chinthu chimene agogo ake ankachita. Ngakhale dzina la zotsala lilipo. Mphambu, monga mu makumi awiri ndi mphambu zitatu, ndi chimene chatsala mitolo itamangidwa, ndipo njira yosinthira nambala ndiyo kugawa ndi 2 mobwerezabwereza n'kumalemba mphambu.

Mawu ena obwereka afika kale pa msika ndi tanthauzo lopapatiza, ndipo m'kalasi amasokoneza. Deta, kwa munthu wa foni ya m'manja, ndi chimene amagula kuti alowe pa intaneti. Chimatha, ndipo amadandaula kuti deta yatha. M'phunziroli deta ndi chilichonse chimene chasungidwa m'manambala, kaya ndi dzina, chithunzi kapena nyimbo. Mphunzitsi amene sayamba walekanitsa ziwirizi adzalankhula ola lathunthu ophunzira akuganiza za bandulo. 'Memory' akamasuliridwa kuti chikumbumtima kapena kukumbukira amabwezeretsa ubongo uja pa khomo la kumbuyo. Njira ya kōnae ingathandize pano: disiki ndi nkhokwe, mosungira za chaka chonse, pamene RAM ndi lichero, pamene pamakhala zokhazo zimene zikupetedwa tsopano, ndipo magetsi akazima zimene zinali pa lichero zimamwazika. Kusunga fayilo ndi kubwezera m'nkhokwe zimene zili pa lichero. Nakonso kufufuta kumanena zambiri kuposa zimene zimachitika, chifukwa kawirikawiri makina amangochotsa dzina la fayilo m'kaundula n'kulemba kuti malowo ndi aulere, pamene zolembedwazo zimakhalabe mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. Amene akugulitsa foni yake yakale ali ndi chifukwa chodziwira kusiyana kumeneku. Mbali inayi, pali mawu amene anthu apanga okha popanda komiti, monga nambala yachinsinsi ndi masamba a mchezo, ndipo ndi omveka kuposa Chingerezi chimene analowa m'malo mwake.

Mutu umodzi wa gawo lachiwiri la miyezo ya ku New Zealand, wa mmene malembo amasungidwira, umakhudza kalembedwe mwachindunji. Ndondomeko ya ASCII, imene inatuluka koyamba mu 1963, ili ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Chimāori chimalemba kamzere pamwamba pa lembo la liwu lotalika, ndipo kwa zaka zambiri makina ambiri analibe malembo amenewo, kotero anthu ankaika timadontho tiwiri m'malo mwa kamzereko kapena kukasiya kumene. Unicode, imene inayamba mu 1991, inapatsa lembo lililonse nambala yake: ā ndi 257. Lembo la ŵ nalonso lilimo, pa nambala 373, mwa zina chifukwa chilankhulo cha ku Wales chimaligwiritsa ntchito, pamene w wamba ndi 119. Kwa makina, tsono, Malaŵi ndi Malawi ndi mayina awiri osiyana, ndipo pulogalamu imene sinauzidwe kuti ndi amodzi idzapeza lina n'kuphonya linzake. Uthenga wa pa foni umene umalola malembo 160 umatsika kufika pa 70 mukangolowa ŵ mmodzi, chifukwa lemboli mulibe mu alifabeti yaing'ono imene mauthengawo amagwiritsa ntchito. Nkhodolero ya mu ng'ombe ndi m'mudzi ilinso ndi mavuto ake: yowongoka ndi nambala 39, yopindika ndi 8217, ndipo mapulogalamu otayipira amasintha ina kukhala inzake osafunsa. Kaundula wa sukulu amene dzina la Ng'oma linalembedwa ndi nkhodolero zonse ziwiri adzaonetsa mabanja awiri pamene pali limodzi. Wophunzira wa Fomu 4 angapatsidwe kaundula wotere kuti apeze chifukwa chake ndi kulemba ndondomeko yomukonzera.